Yoga pa matenda ovutika maganizo ndi nkhawa: pamene imathandiza ndi pamene imavulaza

Ikani zala ziwiri pambali pa khosi, pansi pang'ono pa chibwano, mpaka mumve mtsempha ukugunda. Kokani mpweya pang'onopang'ono, mumva kugundako kukufulumira pang'ono. Utulutseni mosathamanga, kugundako kuyamba kuchedwa. Mwa achinyamata kusiyanaku kumamveka bwino. Munthu akamakula kumachepa, koma sikutheratu. Mwa zonse zimene zimanenedwa zokhudza maganizo ndi yoga, yomwe ndi njira yotambasula thupi, kuwongolera mpweya ndi kusinkhasinkha, kamfundo kameneka ndi kamene kali ndi maziko olimba, ndipo zambiri zimene zimathandiza kapena kusokoneza wodwala pa yoga zimayambira pomwepa.

Munthu sangauze mtima wake kuti uchepetse liwiro, sangauze thukuta kuti lileke, sangauze m'mimba kuti musiye kuwira. Zonsezi zimayendetsedwa ndi mitsempha yosamvera malamulo athu. Mitsemphayi ili m'magulu awiri. Lina limakonzekeretsa thupi kuthawa kapena kumenyana, lina limalibweza kuti lipumule ndi kugaya chakudya. Waukulu m'gulu lachiwirili umatchedwa vagus. Umachokera kumunsi kwa ubongo, n'kutsika m'khosi mpaka kumtima, m'mapapo ndi m'matumbo, ndipo kumtima umagwira ntchito ya mabuleki. Pokoka mpweya mabulekiwa amamasuka pang'ono, potulutsa amagwira. Kupuma kumayenda kokha ngakhale tili mtulo, koma tingathenso kukuwongolera mwadala. Amene waphunzira kutulutsa mpweya motalika wapeza poponda mabuleki a mtima wake.

Matenda amene tikunena

Chisoni cha pamaliro si matenda, kuda nkhawa mayeso akayandikira si matendanso. Madokotala amati munthu ali ndi matenda ovutika maganizo, amene kuchipatala amawatchula kuti depression, ngati kwa masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, wakhala wokhumudwa kapena sakusangalalanso ndi zimene ankakonda, ndipo pamwamba pake tulo tasokonekera, kudya kwasintha, thupi lafooka, mutu sukugwira, akudziona wachabechabe, mwinanso akuganiza zodzipha. Nkhawa yofika pa matenda ili mitundu ingapo. Ina ndi yosatha, yodera chilichonse kwa miyezi 6 kapena kuposa, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa ili gwa. Ina ndi mantha ogwira mwadzidzidzi: mtima kuthamanga, kubanika, kunjenjemera, munthu n'kukhulupirira kuti akufa, kenako pakapita mphindi zingapo n'kuyamba kutsika. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda ovutika maganizo, ndipo 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Ambiri amakhala ndi onse awiri. Kwathu kuno wodwala safika kuchipatala n'kunena mayina amenewa. Amati mutu sukuleka, thupi likuphwanya, mtima ukuthamanga, ndikungoganiza kwambiri.

Yoga si chinthu chimodzi

Yoga inachokera ku India, ndipo dzinali ndi la chinenero chakale cha Sanskrit, lochokera ku mawu otanthauza kumanga pagoli. Buku la mlembi wakale Patanjali lotchedwa Yoga Sutra, lolembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, limaigawa m'zigawo 8. Kaimidwe ka thupi, asana, ndi chigawo chimodzi chokha, ndipo kalelo kankatanthauza makamaka kukhala pansi mokhazikika kuti munthu asinkhesinkhe. Kuwongolera mpweya, pranayama, ndi chigawo china. Yoga yotambasula thupi imene timaiona masiku ano inaumbika m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mwa Tirumalai Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa ku Mysore m'ma 1930. Mmodzi mwa ophunzira ake, B.K.S. Iyengar wa ku Pune, anatchuka ndi kugwiritsa ntchito mabulangete, malamba, timatabwa ndi mipando pochirikiza thupi, zimene zinatsegulira khomo odwala ndi okalamba. Mu December 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 June kukhala tsiku la yoga.

Pansi pa dzina limodzili pali zinthu zosiyana kwambiri. Pali yoga yogona pamphasa mochirikizidwa ndi mitsamiro, pali yothamanga mpaka thukuta kamukamu, pali yochitira m'chipinda chotenthetsedwa mpaka madigiri 40, pali yopuma mofulumira kwa mphindi zambiri. Wina akati yoga imathandiza nkhawa, funso loyamba likhale lakuti yoga yake iti.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wodalirika kwambiri pa nkhawa ndi amene anatsogoleredwa ndi Naomi Simon wa ku New York, wofalitsidwa mu 2020 m'magazini ya JAMA Psychiatry. Anthu 226 odwala nkhawa yosatha anagawidwa mwamaere m'magulu atatu. Ena anaphunzira yoga ya mtundu wa Kundalini, ena analandira uphungu wa CBT umene umaphunzitsa munthu kufufuza ndi kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ena anangophunzitsidwa za kupanikizika maganizo ndi moyo wathanzi. Gulu lililonse linkakumana maola awiri pa sabata kwa masabata 12, kuphatikizapo mphindi 20 zochitira kunyumba tsiku lililonse. Pomaliza, amene anapeza bwino anali 71 peresenti mwa a CBT, 54 peresenti mwa a yoga, ndi 33 peresenti mwa ongophunzitsidwa aja. Patapita miyezi 6, CBT inali ikuposabe maphunziro wamba aja mosakayikitsa, koma za yoga sizinaonekenso bwinobwino. Ndiye kuti yoga imaposa kungokhala pagulu n'kumamvera malangizo, koma siifika pa uphungu weniweni.

Pa kuvutika maganizo, gulu la Lisa Uebelacker ku Providence m'dziko la America linatenga anthu 122 amene ankamwa kale mankhwala koma sanachire kwenikweni. Theka anapita ku yoga, theka ku maphunziro a zaumoyo, kwa masabata 10. Masabatawo atatha panalibe kusiyana. Kunaoneka pambuyo pake. Patapita miyezi 6, anthu 51 mwa 100 alionse a m'gulu la yoga anali atachepetsa zizindikiro zawo ndi theka, poyerekeza ndi 31 mwa 100 a gulu linalo. Zotsatirazi zinatuluka mu 2017, ndipo n'zofunika kwa aliyense amene akufuna kusiya patangopita masabata atatu poti sakuona kanthu.

Ku India komweko, chipatala cha NIMHANS ku Bengaluru chinafalitsa mu 2000 kafukufuku wa odwala kwambiri 45, m'magulu atatu a anthu 15. Patatha masabata anayi, 93 peresenti mwa olandira chithandizo cha magetsi chotchedwa ECT anachira, 73 peresenti mwa omwa mankhwala a imipramine, ndi 67 peresenti mwa ochita mapumidwe a yoga otchedwa Sudarshan Kriya. Otsatsa yoga amakonda kutchula nambala zimenezi, koma samanena kuti gulu la anthu 15 ndi laling'ono kwambiri, kuti panalibe gulu losalandira kanthu loyerekezera, komanso kuti odwalawo anali ogonekedwa m'chipatala, madokotala akuwayang'anira.

Mu 2024 magazini ya zachipatala ya BMJ inasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 218 wokhudza anthu 14,170, wofufuza masewera olimbitsa thupi pa kuvutika maganizo. Kuyenda ndawala kapena kuthamanga, yoga, ndi kunyamula zolemera zinathandiza ndithu, ndipo yoga ndi kunyamula zolemera ndi zimene anthu ankapirira nazo osasiyira panjira. Olembawo anavomereza okha kuti kafukufuku wambiri mwa amenewa anali ndi zofooka. Vuto lalikulu ndi loti sungabise kwa munthu kuti akuchita yoga, monga mmene ungamubisire kuti piritsi limene wamwa ndi la ufa chabe. Amene amadzipereka amakhala oti anaikonda kale. Ndipo yoga ikayerekezedwa ndi anthu ongodikira osalandira chithandizo imaoneka yamphamvu kwambiri, pamene ikayerekezedwa ndi kuyenda ndawala kusiyanako kumachepa. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a ku Canada a CANMAT a 2016 anaiika ngati chowonjezera pa chithandizo china kwa odwala pang'ono ndi apakatikati, osati chithandizo choyamba. Pamenepo ndi pamalo pake.

Imagwira bwanji

Za mpweya tanena kale. Njira yachiwiri ndi kungosuntha thupi, zimene masewera ena alionse amachitanso. Yachitatu ndi kumene maganizo amaloza. Wovutika maganizo amakhala ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, kuzungulira pomwepomwepo mpaka udzu kutha: ndinalakwa pati, bwanji ine, anthu akuti chiyani. Kuima ndi mwendo umodzi uku ukuwerenga mpweya kumafuna mutu wonse, ndipo kwa mphindi zimenezo chingwe chija chimamasuka. Yachinayi imakhudza a mantha ogwira mwadzidzidzi. Iwowa amaopa thupi lawo lomwe, moti mtima ukangofulumira amati zayambanso. Akaima mopinda bondo mpaka ntchafu kutentha ndi mtima kugunda, n'kuona kuti zonse zatsika zokha popanda choopsa, thupi limaphunzira pang'onopang'ono kuti kugunda kwa mtima si imfa. Yachisanu siikhudzana n'komwe ndi yoga yeniyeniyo: kudzuka, kusamba, kutuluka m'nyumba pa nthawi yoikika n'kukakumana ndi anthu. Kwa munthu amene watha sabata ali m'chipinda, chimenechi ndi chithandizo pachokha.

Mumvanso za GABA, chinthu cha mu ubongo chimene chimaziziritsa mitsempha. Chris Streeter wa ku Boston University anapeza mu 2007 kuti GABA inakwera ndi 27 peresenti mwa anthu ozolowera yoga atachita kwa ola limodzi, pamene mwa ongowerenga sinasinthe. Onse pamodzi sanakwane 20. Ndi poyambira pabwino, koma si umboni woti yoga imakonza ubongo monga ena amalengezera.

Kupuma: poyambira penipeni

Yambani mwawerenga kuti mumapuma kangati pa mphindi mutakhala chete. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Cholinga n'kufika pa ka 6, koma osati tsiku loyamba. Gonani chagada pamphasa, maondo opinda, mapazi pansi. Dzanja limodzi likhale pachifuwa, lina pamchombo. Pumirani m'mphuno, ndipo dzanja la pamchombo ndi limene lizikwera, la pachifuwa lizingosuntha pang'ono. Sabata yoyamba kokani mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 4. Zikakhazikika, kokani 4 n'kutulutsa 6. Masekondi 10 pa mpweya uliwonse ndiwo ka 6 pa mphindi. Chitani mphindi 5 kawiri pa tsiku, kenako muonjezere mpaka 10. Gulu la Streeter linagwiritsa ntchito ka 5 pa mphindi pamodzi ndi yoga ya Iyengar kwa odwala mu 2017, choncho ka 5 kapena ka 6 zonse zili bwino.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kusokoneza kupuma mochedwa ndi kupuma kwambiri. Munthu akamva kuti apume mozama, amadzaza chifuwa mpaka mapewa kukwera, n'kutulutsa mpweya wonse, mobwerezabwereza. Akatero amataya carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma, wochuluka kuposa umene thupi likupanga. Mpweya umenewu ukachepa m'magazi, mitsempha ya magazi yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, ndipo zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, maso kuchita chidima, chifuwa kuthina. Zimenezi ndi zizindikiro zomwe zija za mantha ogwira mwadzidzidzi, moti munthu amadziputira yekha chimene amathawa. Mpweya ukhale wochepa, wofewa, wosamveka kwa amene wakhala pafupi nanu. Mukayamba kumva chizungulire, siyani kuwerenga, tsekani pakamwa, pumani mwachizolowezi kwa mphindi imodzi. Mukamva njala ya mpweya pofika pa 6, bwererani pa 3 ndi 4. Kukakamiza kumadzutsa gulu lija la mitsempha yothawa, ndiye phindu lonse latha.

Ena kuwerenga kumawapanikiza. Iwowa ayese bhramari: kokani mpweya m'mphuno, ndipo potulutsa, milomo ili chitsekere, ng'ung'udzani ngati njuchi mpaka mpweya utsale pang'ono kutha. Kung'ung'udzako kumatalikitsa kutulutsa popanda kuwerenga. Ka 6 mpaka ka 8 n'kokwanira. Palinso nadi shodhana, yopumira mbali imodzi ya mphuno mosinthana. Tsekani mbali ya kumanja ndi chala chachikulu, kokani ndi ya kumanzere, tsekani ya kumanzere ndi chala chovala mphete, tulutsani ndi ya kumanja, kokaninso ndi ya kumanja yomweyo, n'kutulutsa ndi ya kumanzere. Pamenepo mwazungulira kamodzi, ndipo kasanu n'kokwanira. Mabuku ambiri amati muzisunga mpweya pakati. Wa nkhawa asachite zimenezo, chifukwa kubanika ndiko kumayatsa mantha.

Chinanso: musadikire mantha kuti akugwireni ndiye muyambe kuphunzira. Mapumidwewa amaphunziridwa pa nthawi ya mtendere kuti pa nthawi yovuta thupi liwakumbukire lokha.

Mphindi 25 pamphasa

Zofunika ndi malo osaterera, bulangete lopinda, mtsamiro, khoma ndi mpando wolimba. Mphasa kapena mkeka zimakwanira, bola zisaterereke pasimenti. Dikirani maola awiri mukadya nsima.

Imani mapazi motalikirana ngati m'lifupi mwa chiuno. Pokoka mpweya kwezani mikono m'mbali mpaka pamwamba pa mutu, potulutsa itsitseni, ka 8. Gwadani, manja pansi molunjika mapewa, maondo molunjika chiuno. Pokoka tsitsani mimba n'kutukula chifuwa, potulutsa kwezani msana ngati mphaka wodzidzimuka, ka 8 mpaka 10. Ngati maondo akupweteka, yalani bulangete. Imaninso, tangadzani miyendo pafupifupi mita imodzi, lozetsani phazi lamanja kunja, pindani bondo lamanja mpaka likhale pamwamba pa kakolo, mikono itatambasuka molingana ndi mapewa. Kaimidwe aka kamatchedwa virabhadrasana. Khalani choncho kwa mipweya 5, kenako mbali inayo. Bondo lisagwere mkati ndipo lisapitirire zala za kuphazi, chifukwa apo ndi pamene ambiri amavulala. Kenako gonani chafufumimba, manja pansi pa mapewa, ndipo pokoka mpweya tukulani chifuwa pang'ono chabe ndi mphamvu ya msana, mchombo usachoke pansi, kasanu. Kuwongola mikono yonse kuti mutukuke kwambiri kumapanikiza m'chiuno. Tembenukani chagada, maondo opinda, n'kukweza matako mpaka ntchafu ndi mimba ziwongoke, mipweya 5, katatu, khosi osalitembenuza. Gwadaninso, khalirani zidendene, weramani mpaka chipumi chifike pamtsamiro, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Malizani ndi kugona chagada pafupi ndi khoma, miyendo itatsamira khomalo, kapena akatumba a miyendo ali pampando, kwa mphindi 5, uku mukupuma mwa 4 ndi 6.

Ndondomekoyi isinthidwe malinga ndi matenda, ndipo apa ndi pamene makalasi wamba amaphonya. Wa nkhawa asayambe ndi kukhala chete. Thupi lili kale pa liwiro, ndipo kulikhazika pansi mwadzidzidzi kumangochititsa kuti amve bwino mtima ukugunda. Ayambe ndi zoimirira, azibwereze kawiri kapena katatu mpaka miyendo itope, kenako atsike pansi, mpweya ubwere pomaliza. Madzulo ndi nthawi yabwino kwa amene tulo timamuvuta. Wovutika maganizo vuto lake ndi lina: alibe mphamvu yoyambira. Iyeyu ayambire pamene ali, ngakhale pabedi, ndi kukweza mikono ndi kukumbatira maondo, kenako adzuke n'kuchita zoimirira ndi zotukula chifuwa, m'mawa, pamalo owala, maso ali otsegula. Kugona komalizira kukhale kwakufupi, mphindi 3, chifukwa kugona chete kwa mphindi 15 kumangobwezera mbuzi ija pachikhomo. Tsiku limene 25 zakanika, achite 5. Zimawerengedwa.

Pa kuchuluka kwake, kafukufuku wambiri amagwiritsa ntchito makalasi a ola limodzi kapena ola ndi theka, kamodzi mpaka katatu pa sabata, kwa masabata 8 mpaka 12, ndi zochitira kunyumba pakati. M'kafukufuku wa 2017 wa gulu la Streeter uja, opita kawiri pa sabata ndi opita katatu onse anapeza bwino mofananako. Choncho kawiri pa sabata, kuonjezapo mphindi 20 kunyumba masiku ambiri, ndi mlingo wanzeru.

Zimene zimalakwika

Mapumidwe othamanga, kapalabhati ndi bhastrika, pamene mimba imakankha mpweya kamodzi kapena kawiri pa sekondi, amaphunzitsidwa m'makalasi ambiri ngati otsitsimutsa. Amatsitsa carbon dioxide mofulumira monga tafotokozera. Wa mantha ogwira mwadzidzidzi, woyembekezera, wa khunyu, wa BP yokwera ndi wa matenda a mtima awapewe.

Kutseka maso ndi kugona chagada pakati pa anthu osawadziwa kumatha kudzutsa zoopsa zakale mwa amene anagwiriridwa, kumenyedwa kapena kuona ngozi. Mphunzitsi akamugwira mwadzidzidzi kuti amuwongole msana, zimaipiratu. Si kuti anthu amenewa yoga siwayenera. Mu 2014 gulu la Bessel van der Kolk ku Massachusetts linayesa amayi 64 ovutika kwa zaka ndi zoopsa zimene anakumana nazo. Patapita masabata 10, 52 peresenti mwa a yoga sanalinso pa mlingo wa matendawo, poyerekeza ndi 21 peresenti mwa a maphunziro a zaumoyo. Koma yoga yake inali yokonzedwa mwapadera: wophunzira amasankha yekha, mphunzitsi amapempha m'malo molamula, ndipo sagwira munthu. Muli ndi ufulu wouza mphunzitsi kalasi isanayambe kuti asakugwireni, wokhala pafupi ndi khomo, ndi wosatseka maso. Wokana zimenezi si mphunzitsi wanu. Dziwaninso kuti satifiketi yofala ya uphunzitsi wa yoga ndi ya maola 200 okha, ndipo siipatsa munthu ukatswiri wa matenda a maganizo.

Kuima chadodolido ndi mutu kapena ndi mapewa kulibe phindu lapadera pa maganizo, koma kumaika khosi pachiswe ndi kukweza mphamvu ya madzi a m'diso, zimene n'zoopsa kwa odwala matenda a maso a glaucoma. Woyembekezera amene wapitirira theka la mimba asagone chagada nthawi yaitali kapena chafufumimba. Agonere kumanzere, mtsamiro pakati pa maondo.

Mankhwala nawo ali ndi mbali yake. Amitriptyline, amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu, amachititsa chizungulire munthu akadzuka msanga, choncho pochoka pansi tembenukirani chammbali, khalani kaye masekondi 30, ndiye muime. Diazepam, mankhwala okhazika mtima pansi, amasokoneza kukhazikika kwa thupi, moti zoima ndi mwendo umodzi zichitikire pafupi ndi khoma. Womwa mankhwala a lithium asachite yoga ya m'chipinda chotentha, chifukwa kutaya madzi ndi mchere m'thukuta kumakweza mankhwalawa m'magazi mpaka kukhala poizoni. Ndipo vuto lalikulu koposa ndi la munthu amene wapeza bwino patatha mwezi n'kutaya mapiritsi, poganiza kuti yoga yamuchiritsa. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru, kusowa tulo ndi kukwiyakwiya, ndipo matenda amabwerera mosavuta. Madokotala amalangiza kupitiriza mankhwala kwa miyezi yosachepera 6 munthu atachira, n'kuwachepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa.

Amene nthawi zina amakhala ndi mphamvu zopitirira, osagona masiku angapo koma osatopa, kulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, akhoza kukhala ndi matenda a bipolar. Kwa iwo misonkhano ya masiku angapo yodzuka usiku, kusala kudya ndi kupuma mothamanga ingadzutse mphamvu zopitirira zija. Aonane kaye ndi dokotala.

Si mtima uliwonse wothamanga umene uli wa nkhawa. Kuchepa kwa magazi, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, shuga wotsika, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, chamba, ndi kusiya mowa mwadzidzidzi zimabweretsa zizindikiro zomwezo. Efavirenz, mmodzi mwa ma ARV, amadziwika ndi maloto oopsa ndi kusokoneza maganizo mwa ena. Palibe kaimidwe ka yoga kamene kangakonze zimenezi, koma kuyeza magazi kungapeze zina mwa izo.

Nkhani ya chipembedzo

Akhristu ndi Asilamu ambiri amafunsa ngati yoga si kupembedza milungu ina, ndipo funsoli si lopusa. Mizu ya yoga ili m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo m'makalasi ena amaimba mawu opatulika monga Om kapena kuchita ndondomeko yotchedwa kulonjera dzuwa. Mu 2008 khonsolo ya akuluakulu a Chisilamu ku Malaysia inaletsa Asilamu kuchita yoga yokhala ndi zoimba ndi zopembedza zoterozo, ndipo mipingo ina ya Chikhristu imaikana yonse. Kunama kuti mizuyo kulibe sikuthandiza. Chimene tinganene n'chakuti zonse zafotokozedwa pamwambazi, kutulutsa mpweya motalika, kutambasula thupi ndi kupumula, zimagwira ntchito popanda kuimba kapena kukhulupirira chilichonse. Amene chikumbumtima chake sichikumulolabe asadzikakamize, chifukwa kuchita chinthu uku ukudziimba mlandu kumangoonjezera nkhawa. Kuyenda ndawala kwa mphindi 30 kuli ndi umboni wosachepera wa yoga.

Kudziwa ngati zikuyenda

Wovutika maganizo saona bwino kusintha kwake, choncho ndi bwino kuyeza. Fomu ya PHQ-9 ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawa, ndipo mapointi ake amachokera pa 0 mpaka 27: 5 mpaka 9 ndi pang'ono, 10 mpaka 14 pakatikati, 15 mpaka 19 kwambiri ndithu, 20 kupita mtsogolo koopsa. Inamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa ku Malawi. Ya nkhawa ndi GAD-7, ya mapointi 0 mpaka 21, ndipo malire ake ali pa 5, 10 ndi 15. Lembani mapointi anu musanayambe, ndiyeno masabata awiri alionse. Kutsika ndi mapointi 5 pa PHQ-9 ndi kusintha kwenikweni, ndipo kutsika ndi theka ndi kumene ofufuza amati chithandizo chagwira. Amene ali pansi pa 10 akhoza kuyamba ndi yoga yokha n'kuona. Wa 10 kupita mtsogolo aichite pamodzi ndi uphungu kapena mankhwala. Masabata 8 akatha mapointi osasuntha, kapena akakwera nthawi ina iliyonse, pitani kuchipatala m'malo moonjezera maola pamphasa.

Funso lomaliza la PHQ-9 limafunsa za kuganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Yankho lililonse loposa 0 pamenepo likufunika kuuza wachipatala, mapointi enawo akhale ochepa bwanji. Amene wakonza kale njira yodziphera, wasiya kudya ndi kumwa, akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mayi amene wangobereka kumene ndipo akuganiza zovulaza mwana, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi zichotsedwe m'nyumba. Ku Malawi poyambira ndi chipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene mungafunse namwino kapena kilinikolo ofesa woona za matenda a maganizo. Pali Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka. Popita tengani mapepala a mapointi aja ndi mapaketi a mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, kuphatikizapo a zitsamba.